Jekete ya Bwana Sakala Inagona kwa Apongozi

Tisa ndi Dalitso, ndikulemba izi chifukwa ndatopa ndi funso lanu. Mukuti anzanu kusukulu amafunsa kuti bambo anu anapuma bwanji ntchito alibe ndi imvi yomwe. Muziwapatsa awerenge apa, ngati amatha kuwerenga. Za ubwana wanga sindilemba, munalibe kanthu: mbuzi, mphere ndi mtedza wa ku Chipangali. Sukulu ndinasiyira Giredi 9. Sindinali mbuli ayi. Ndinangoona kuti mphunzitsi amene ankatiuza kuti sukulu imalemeretsa ankabwereka njinga kwa ine, ndiye ndinatenga njinga yangayo n'kubwera nayo m'tauni.

Chaka choyamba ku Chipata

Ndinayamba ndi kunyamula anthu panjinga kuchokera kumsika kupita m'makomboni. Tsiku lina ndinakweza bambo wina wamimba, a Miti, galimoto yawo itatha mafuta. Tili m'njira, mayi wina anawakuwira kuti, "A Miti, za puloti yanga zija zili pati?" Iwo anabisa nkhope kumsana kwanga. Ine osaganiza n'komwe ndinayankha kuti, "Si iwowa mayi, awa ndi odwala, tikuthamangira kuchipatala." Titafika anatsika, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mnyamata iwe, umanama osaphethira," anatero. "Ubwere Lolemba." Umu ndi mmene ndinakhalira mesenjala pa ofesi yoona za nyumba ndi mapuloti. Dzina lake sindilemba. Oidziwa akuidziwa.

Ntchito yolembedwa inali kusesa, kuphika tiyi ndi kunyamula mafayilo. Ntchito yeniyeni inali chitseko. A Miti anandiphunzitsa mayankho atatu oti ndiziwapatsa anthu ofuna kuonana nawo: atulukako, ali pamsonkhano, mubwere mawa. "Ukamuuza munthu kuti mawa," ankatero, "usamuuze kuti mawa lake liti." Mu ofesi imeneyo munkasowa chilichonse. Mapepala kunalibe, mafuta a galimoto kunalibe, shuga wa tiyi ankabwera naye yekha bwana m'thumba n'kubwerera naye. Chinthu chimodzi chokha sichinasowepo m'sitolo mwathu: penti yofiira yolembera mitanda panyumba zoti zigumulidwe. Imeneyo inkabwera panthawi yake ngati mvula ya kwathu kuno ku Kadambo.

A Miti atasamutsidwa, ine anandiponya kaye ku kaofesi kena m'mbali mwa msewu wa ku Mwami. Munali tebulo lopanda mpando ndi kalendala yakale. Bwana kunalibe, ndipo sikunakhaleko bwana chiyambire. Komabe madalaivala a mathiraki akasochera n'kugogoda kufunsa njira, ndinkawauza kuti abwana atulukako. Munthu suyenera kuiwala ntchito yako.

Zaka za bwana Sakala

Atandibweza ku ofesi yaikulu ndinapeza bwana watsopano, a Sakala. Anali munthu wamkulu thupi, mapewa ngati chitseko cha tchalitchi, moti m'masitolo onse a m'Chipata munalibe chovala chowakwana. Suti yawo yotuwa anakasoketsa kwa telala ku Lusaka. Buluku lake linkakhala kunyumba kudikira masiku akuluakulu. Jekete inkakhala ku ofesi, pamsana pa mpando. Eni ake ankakhala kufamu kwawo, kuyang'anira soya.

Inu simunagwirepo ntchito mu ofesi, ndiye ndikufotokozereni. Jekete ikakhala pampando, ndiye kuti mwini wake ali pantchito, wangopita kuseri. Palibe amafunsa zambiri. Choncho m'mawa uliwonse ndinkaisasa fumbi, kuiwongola mapewa, kutsegula nyuzipepala patsamba lina, kuika magalasi pamwamba pake, n'kuthira tiyi m'kapu. Theka la tiyiyo ndinkamwa ndine kuti zioneke zoona. Anthu akabwera ndinkatsegula chitseko pang'ono n'kunena kuti, "Onani jekete iyo, ali pafupi, dikirani." Ankadikira mpaka nthawi yowerukira, ine n'kuwapatsa yankho lachitatu. Jekete imeneyo sinajombepo, sinachedwepo, sinapemphepo tchuthi cha maliro. Akuluakulu akamadutsa pakhonde ankasuzumira n'kugwedeza mutu kuti a Sakala ndi olimbikira. Mwa onse amene ndinagwira nawo ntchito, jeketeyo ndiyo ndinkagwirizana nayo kwambiri.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Esnati ndinamupeza ku Kadambo, komboni imene mukukhalayi. Inu mumaiona ngati kwanu basi, koma anthu a kuno sanabwere mwakufuna kwawo. Anawasamutsa ndi ofesi yathu yomweyo pamene ankakuza msika. Anawauza kuti akhale kaye m'dambomu, mapepala a mapuloti abwera posachedwa, ngalande yochotsa madzi ikumbidwa mvula isanayambe. Ana amene anabadwa chaka chimenecho ndinawapeza ali ndi ndevu. Dzinja lililonse madzi ankalowa m'nyumba osagogoda, zimbudzi zinkasefukira, anthu ankagona nsapato zili pamwamba pa tebulo kuopa kuti zipita zokha. Agogo anu aNangoma anatipatsa malo kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ndinamanga zipinda ziwiri ndi njerwa zowotcha ndekha.

Anyamata a masiku ano amakhala pa sofa limodzi ndi apongozi awo n'kumalimbirana rimoti. Ife sizinali choncho, ndipo aNangoma anali a mwambo kuposa onse. Mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Satsutsana nawo. Salowa kuchipinda kwawo ngakhale nyumba ikupsa. Akakumana nawo panjira amapatukira m'chimanga, ndipo akamutuma amapita. Mawu athu onse ankadutsira mwa amayi anu, ngakhale titakhala pamtunda woti n'kupatsirana mchere. Zaka zonsezo nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ndinkawadziwira mapatapata abuluu, limodzi lomanga ndi waya, ndi zidendene zong'aluka. Ndikangoona mapatapata amenewo, mawondo ankapinda okha.

Anthu a ku Kadambo anali ndi gulu lawo lomenyera nkhani ya mapepala ndi ngalande. Ku ofesi tinkangowatcha a Lachiwiri, chifukwa ankabwera Lachiwiri lililonse. Ambiri anali amayi a mumpingo ndi ogulitsa tomato, koma wotsogolera anali a Banda, mphunzitsi wopuma, wa nsapato zakuda zopukuta ndi Chizungu chachitali. A Banda sankandivuta. Ankayamba kulankhula za ufulu wa anthu ndi chilungamo, ine n'kuwaonetsa jekete, iwo n'kukhala pabenchi mwaulemu. Amayi anu ankakhala nawo pabenchi pomwepo, iwe Tisa uli kumsana. Ndinkawauza nawonso kuti abwere mawa. Musandiyang'ane choncho. Kunyumba ndinali mwamuna wake, ku ofesi ndinali chitseko, ndipo chitsekocho ndicho chinkagula ufa. Madzulo akandifunsa kuti, "Bambo a Tisa, abwana anu analipodi lero?" ndinkayankha kuti za kuntchito sitikambira pakhomo.

Febuluwale, chaka cha mitanda

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza komboni yonse ili ndi mitanda yofiira. Nyumba ya apongozi inali nawo. Yanga inali nawo waukulu, pakhoma limene ndinali nditangopaka laimu. Nkhani inali yoti malowo apatsidwa kwa munthu wina woti amangepo mosungira katundu wa mathiraki, ndipo anthu a ku Kadambo akukhalapo popanda chilolezo chifukwa alibe mapepala. Buludoza inali yoti ibwere Lolemba, mwambo wa Ncwala ukangotha. Amayi anu anali chiimire pamtandapo, manja m'chiuno.

"Penti imeneyi mukuidziwa?" anandifunsa.

"Penti ndi penti."

"Munainyamula ndinu dzana panjinga. Ndinakuonani pamsika."

"Sanandiuze kumene ikupita."

"Simufunsa inu. Chabwino. Lachiwiri tikumana pachitseko chanu chija."

Ndinaseka. Ndinali nditatchinga chitseko chimenecho kwa zaka, ndipo sanandidutsepo munthu, ngakhale wansembe. Ndinaiwala kuti mkazi amene umagona naye nyumba imodzi amadziwa pamene uli wofewa.

Lachiwiri kunacha ndi mvula yowaza. Ndinaima pamalo panga, yankho lili kale pamilomo, ndikudikira nsapato zakuda za a Banda. M'malo mwake pamasitepe panakwera mapatapata abuluu, limodzi lomanga ndi waya. Apongozi anali asanabwerepo ku ofesi. Thupi linachita lokha. Ndinangopezeka ndanyonyomala pakona, nkhope kukhoma, chipewa m'manja, chitseko chili pululu kumbuyo kwanga.

"Esnati," anatero apongozi, "afunse bambo a Tisa ngati abwana alimo."

"Akuti abwana alimo?" anatero amayi anu, mawu ali ozizira ngati sakundidziwa.

Ndinali nditanamiza aphunzitsi, apolisi opuma ndi amayi oyembekezera, koma apongozi sungawanamize. Ndinauza khoma kuti, "Uwauze kuti jekete ilimo."

"Akuti jekete ilimo."

Apongozi anati, "Ndiye kuti abwana alimo. Si mmene amakuuzirani masiku onse? Tiyeni."

Amayi anadzaza ofesi mpaka pakhonde, a Banda ali kumbuyo atanyamula ambulera. Mlembi wa bwana, mayi Daka, anadzuka pampando. "Yotamu, ukuchita chiyani pansipo? Aletse anthuwa." Ndinayankha ndili choyang'ana kukhoma kuti, "Mayi, akutsogolowo ndi apongozi anga." Mayi Daka ndi a ku Mtenguleni, kumudzi kumene kumachitikira Ncwala, mwambo amaudziwa. Anangoti, "Oho," n'kubwerera ku foni yawo.

Zimene zinachitika m'katimo ndinazimva ndi makutu, zina anandiuza amayi anu. Apongozi anagwada patsogolo pa mpando, nawomba m'manja. "Mwauka bwanji, bwana? Ife tauka, koma tauka m'madzi." Kenako anaifotokozera jekete zonse, kuyambira tsiku limene anawatsitsa m'dambo ndi katundu wawo, maliro a ana otsegula m'mimba, makoma ogwa, mpaka mitanda ya dzana. Panalibe woseka. Atamaliza anapumira m'mwamba. "Bwana uyu ndi wabwino," anatero. "Sadula munthu mawu, sayang'ana wotchi. Tiyeni akadzionere yekha. Esnati, auze bambo a Tisa akweze abwana panjinga. Sangayende pamatope."

Mkamwini akatumidwa amapita. Ndinamangirira mpando wa bwana pakaliya ndi mphira, jekete ili chikhalire, magalasi m'thumba lake. Tinadutsa pakati pa tauni, ine ndikukankha njinga maso ali pa handulo, amayi anu atafunditsa jekete ambulera ya a Banda, a Banda akunyowa, gulu lonse likuimba nyimbo ya kwaya pambuyo. Anzanga akale onyamula anthu panjinga anaima m'mbali mwa msewu. "Yotamu, bwana wako waonda bwanji chonchi?" anakuwa wina. Ndinamuyankha kuti ndi shuga, ndipo asamaseke odwala.

Ku Kadambo jekete inayendera nyumba ndi nyumba. Anaigwiritsa mkono wake pakhoma lonyowa. Anaisuzumiritsa m'chimbudzi chosefukira. Anaionetsa pamene panayenera kudutsa ngalande, pamene tsopano panali achule. Nkhalamba zinaipatsa moni wa m'manja, ndipo gogo wina anaidandaulira za bondo lake poti mwayi woonana ndi boma subwera kawiri. Dzuwa litapendeka apongozi analamula kuti, "Abwana atopa. Agona kwa ine, kuchipinda." Dziko lonse la Zambia lili ndi malo amodzi okha amene ine sindingalowe, ndipo jekete anaiika mmenemo.

Foni inalira m'mawa mwake. Anali a Sakala, mathirakitala akumveka kumbuyo kwawo.

"Iwe Yotamu, jekete yanga ili kuti?"

"Ili pa ulendo woyendera malo, bwana."

"Ukuseka ndi ndani? Ukudziwa kuti Loweruka ndili ku Mtenguleni, mutenti ya alendo olemekezeka, pamodzi ndi akuluakulu ochokera ku Lusaka? Ndikavale buluku lokha?"

"Ndi Ncwala, bwana. Ambiri kumeneko amakhala chifuwa pamtunda. Mungopeza chikopa."

Anapuma mwamphamvu mpaka foni inachita phokoso. Ndinawauza kuti ngati akuona kuti aberedwa, apite kupolisi. Anati ndine chitsiru. "Apolisi akandifunsa kuti pamene ankakuvulani jeketeyo inu munali kuti, ndikayankha chiyani?" Kenako anatsitsa mawu. "Mvera, mwana wanga. Ndibweretsere jekete pofika Lachisanu, ndipo nyumba yako buludoza iilambalala. Yako yokha. Ukalephera, Lolemba mupitira limodzi, iwe ndi nyumba yakoyo."

Zaka zonse zija anali asananditchulepo mwana wawo.

Lachisanu la sabata yomweyo

Masiku awiri ndinadzitonthoza kuti palibe chimene ndingachite, jekete ili kuchipinda kwa apongozi, mwambo wandimanga manja. Zinali zokoma kukhala ndi chifukwa. Koma Lachisanu m'mawa dzuwa linatuluka, ndipo potuluka m'nyumba ndinaiona ili pachingwe, pakati pa matewera a iwe Dalitso ndi chitenje. Anaiyanika kuti ichoke fungo la utsi ndi nsomba za kapenta. Amayi anu anali atapita kumpopi. Pabwalo panalibe munthu, nkhuku yokha. Njinga inali potero, matayala ali olimba. Chingwe si chipinda. Palibe mwambo umene umaletsa mkamwini kuanula zovala.

Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaganizira za chilungamo, za ana a anthu ndi nkhalamba zopanda kolowera. Ndinaziganizira pang'ono, sindikana. Ndinayang'ana mitanda ija ili mumzere mpaka kumunsi, ndipo sizinandikomere. Koma chimene chinandigwira kwenikweni ndi ichi. Ndinaona m'maganizo Lolemba madzulo, Kadambo yense ali fumbi ndi zidutswa za njerwa, nyumba yanga yokha ili chiimire pakati ngati dzino la nkhalamba. Nyumba ya apongozi yagwa. Ndiye apita kuti? Abwera kwa mwana wawo. Zipinda ziwiri, ine ndi aNangoma. Moyo wanga wonse wotsala ndikanaudya nditanyonyomala pakona, ndikuyang'ana khoma m'nyumba yomanga ndekha, anthu onse amene ndinawauza kuti abwere mawa akudutsa panja n'kumaloza kuti nyumba ya Yudasi ndi iyo. Ntchito ya umesenjala siinali yokoma mpaka pamenepo.

Mvula inayamba kudontha. Ndinaanula jekete, ndinaipinda bwinobwino monga ndinkachitira ku ofesi, n'kupita nayo kukhomo kwa apongozi kuti ndiisiye pampando wa pakhonde. Ndipamene ndinawaona. Mapatapata abuluu anali pakhomo, atavulidwa, atayang'ana m'kati. Eni ake sanapite kumpopi. Anali pawindo nthawi yonseyi. Ndinatembenuka msanga, n'kuyenda chobwerera m'mbuyo mpaka pachitseko, jekete ndaitambasulira kumsana. Dzanja linaitenga. Panalibe amayi anu oti adutsitse mawu. Kenako ndinamva akuti, "Iwe nkhuku, uwauze bambo a Tisa kuti ndawaona."

Ndinayankha kuti, "Nkhuku, uwauze kuti mvula ikanainyowetsa."

Nditachoka pamenepo ndinaimba foni. "Bwana, jekete ikuti mubwere mudzaitenge nokha." Zimene anayankha sindingalembere ana.

Anabwera masana. Galimoto yawo inatitimira polowera m'komboni, pamalo penipeni pamene panayenera kukhala ngalande. Anatsika, napinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato m'manja. Atandiona ndi njinga anati ndiwakweze. Ndisanayankhe, mawu anachokera m'gulu la amayi. "Esnati, auze bambo a Tisa kuti abwana oyamba aja anakwera chifukwa analibe miyendo. Awa ali nayo." Ndinakweza mapewa. Bwana ndi bwana, koma apongozi ndi apongozi.

Anawayendetsa njira yomwe inayenda jekete, osadumpha nyumba. Anagwira khoma lonyowa ndi dzanja lawo lenileni. Pachimbudzi chija anaterereka, mwendo umodzi n'kulowa mpaka m'bondo, ndipo anyamata a m'komboni anali atakweza kale mafoni. Gogo wa bondo uja anawagwira mkono n'kuwafunsa ngati mnzawo wa Lachiwiri anawauza za nkhani yake. Pomaliza anawakhazika pampando wawo womwe wa ku ofesi, pabalaza pa apongozi, pansi pa lata lodontha. Ine ndinali panja pawindo, msana kukhoma, makutu m'kati. A Banda anakonza kukhosi nayamba Chizungu. "A Banda," anatero apongozi, "Chizungu chimenecho chatidyera zaka zambiri. Khalani pansi." Anakhala.

Apongozi anapitiriza kuti, "Bwana, ife nkhani zathu ndi zazifupi. Buludoza isabwere. Ngalande ikumbidwe. Mapepala amene munatilonjeza mutipatse."

"Amayi, ndamva, ndipo ndaona," anatero a Sakala. "Nkhanizi zili ndi njira yake. Mubwere ku ofesi tidzakambirane. Manje ndipatseni jekete, ulendo wa mawa ndi wa m'mamawa."

"Jekete yatulukako," anatero apongozi.

"Yatulukako bwanji? Si ili m'chipinda umu?"

"Ili pamsonkhano."

"Amayi, ine ndilibe nthawi yosewera."

"Ndiye mubwere mawa."

Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka, mpaka a Banda. Ine panja ndinamva kunyada pang'ono. Anali mayankho anga, ndipo anawanena bwino, mwina kuposa ine. Madzi anali akuwadonthera a Sakala paphewa. Kenako anatulutsa foni, naimbira woyang'anira buludoza, mawu ali pamtunda kuti aliyense amve, n'kumuuza kuti za Lolemba zija ziime kufikira nkhani ya mapuloti itaunikidwanso. Apongozi anati mawu a pafoni amauluka, ndipo anawapatsa chidebe cha laimu ndi burashi. Bwana wanga, buluku lili m'mawondo, anafafaniza mtanda wa panyumba ya aNangoma ndi dzanja lake, mafoni akujambula. Ndipamene jekete inatuluka, yositidwa ndi simbi ya makala, batani limene linali lolendewera kwa zaka litasokedwa ndi ulusi wabuluu. Anthu amene anapita ku Mtenguleni mawa lake anati mutenti ya alendo olemekezeka munkamveka kapenta.

Pambuyo pake

Musaganize kuti chilungamo chinafika ndi ng'oma. Buludoza sinabwere, zimenezo n'zoona, ndipo nyumba imene mukugonayi ndi yomwe ija. Ngalande anakumba theka, mafuta n'kutha, moti madzi tsopano amalowa m'nyumba za kumunsi zokha. Mapepala anatuluka a ena, ena akudikirabe. A Sakala anakwezedwa udindo n'kupita ku Lusaka. Akuti akuluakulu anaona kanema uja n'kuchita chidwi ndi bwana woyendera anthu wapansi, m'matope, mpaka kupaka laimu yekha. Ine anandipumitsa ntchito mwezi womwewo, akuti pofuna kuteteza zofuna za anthu. Sindinawafunse kuti anthu ake ati. Ndinabwerera kunjinga yanga, ndipo ndimo mukudyera.

Sabata imene ndinachotsedwa, apongozi anapha tambala n'kundiitanitsa kunyumba kwawo. Ndinalowa chokwawa, n'kukhala pafupi ndi chitseko, maso pa mapatapata. Amayi anu anakonzeka kudutsitsa mawu, koma apongozi anawauza kuti akhale chete. "Bambo a Tisa," anatero, kulankhula ndi ine mwini, "dzutsani mutu. Zaka zakwana." Ndinadzutsa. Ndinaona kamayi kakang'ono, kopanda mano awiri akutsogolo, maso ochenjera ngati a wogulitsa salaula, zovala zakale zija za pamsika. Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati ndi omwewa amene ndinkawathawira m'chimanga. Anandipatsa chiwalo chachikulu cha tambala, nadikira kuti ndilume. Nditangoluma anati, "Lachiwiri muzipita nafe. Mabodza a pachitseko paja mumawadziwa ndinu." Tambala ndinali nditamuyamba kale, sindikanakana.

Ndiye Lachiwiri lililonse mumandiona ndikupita ndi gulu kukafunsa theka la ngalande ndi mapepala otsala. Mu ofesi ija simudzapezanso jekete pampando. Mabwana amazivala tsiku lonse, ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, ndipo popita kuchimbudzi amapita nazo. Ngati mukufuna kudziwa chimene bambo anu anasiyira boma, ndi chimenecho. Pachitseko anaikapo mnyamata watsopano, wa Giredi 12. Ndinamva kuti pomulemba ntchito anamufunsa kawiri ngati ali wokwatira, ndipo atati ayi anamufunsanso ngati ali ndi chibwenzi ku Kadambo. Amanama bwino ndithu, ngakhale amaphethira. Satilola kulowa.

Agogo anu sakudandaula. Ali ndi mwana wa mng'ono wawo, Mwatitha, uja amaluka tsitsi pamsika. Miyezi ino Lachiwiri lililonse amamuveka chitenje chatsopano n'kumuimika kutsogolo kwa gulu, pafupi ndi chitseko. Sabata yatha ndinamuona mnyamata uja akumubweretsera mpando. Ndinafuna kumuchenjeza, monga mesenjala mnzake. Kenako ndinakumbukira kuti ngalande ikadali theka, ndipo ndinangomuuza kuti mtsikanayo amaphika bwino.